Muno Mugwa Lero

Ana anga, za ubwana wanga pa komboni ya antchito a pa mgodi ndikuzidumpha, chifukwa azakhali anu anakuuzani kale mpaka makutu anu anatopa. Ndiyambira pomwe ndinayambira ntchito. Ndikulemba m'Chichewa mwadala. Ndikudziwa kuti mukawerenga mudzandiyankha m'Chishona monga mwa masiku onse, koma nkhaniyi inachitika m'Chichewa, ndipo inatipweteka chifukwa cha liwu limodzi la Chichewa, ndiye muvutike nayo basi.

Chaka chimene ndinalowa pansi

Ndinalembedwa ntchito pa mgodi wa golide kufupi ndi Shamva ufulu wa dziko lino utangobwera kumene, ndevu zisanandimere bwino. Ndinali malaisha, ndiye kuti munthu wokokola miyala ndi fosholo n'kumathira m'ngolo. Pa mgodi palibe ntchito yotsika kuposa imeneyo. Msana umapsa, zikhatho zimasanduka chikopa, ndipo aliyense wodutsa amaona ngati ali ndi ufulu wokutuma. Ife ana a anthu ochokera ku Malawi ankatitcha mabwidi. Akafuna kutiseka bwino ankati "achimwene", akukokera milomo kumbali. Liwu limene bambo anga ankaitanira mkulu wawo mwaulemu, iwo analisandutsa chitonzo. Ambiri a ife tinkabisa chilankhulo chathu ngati chilonda. Tikalowa m'kheji, chikepe chotsikira pansi chija, tinkasanduka Mashona onse, ndipo ena anafika posintha maina. A Phiri angapo amene ndinakula nawo anadzuka tsiku lina ali a Soko.

Munthu mmodzi yekha sankabisa. Anali a Stefano Mbewe, shifitibosi wathu, amene ankayang'anira magulu onse a nthawi yathu ya ntchito. Anali wamfupi, wakuda bii, wosakonda kukweza mawu. M'kheji modzaza anthu ankakupatsa moni wa Chichewa, n'kudikira mpaka uyankhe m'Chichewa, ngakhale ena akuseka. Koma chimene chinandigwira mtima si chimenecho. Miyala ikaphulitsidwa, utsi n'kutha, mabwana ena ankatuma anthu kutsogolo iwo n'kutsalira kumbuyo akusuta. A Mbewe ankatiimitsa tonse, n'kulowa okha ndi chitsulo chachitali, akugogoda denga pang'onopang'ono, khutu atapendeketsa. Mwala wolimba umalira ngati belu, wofuna kugwa umalira ngati chidebe chopanda madzi. Akamaliza m'pamene ankatikodola. Zaka zonse zimene ndinagwira nawo ntchito sindinawaone akutuma munthu pamalo pamene iwo sanapondepo. Wina akalakwitsa ankamudzudzulira pambali, koma kumwamba kwa mabwana ankati cholakwacho n'chawo, chifukwa gululo n'lawo.

Ndinaganiza kuti ndidzakhala ngati munthu ameneyu, zivute zitani. Njira yake inali imodzi yokha, laisensi yophulitsira miyala. Popanda laisensiyo munthu umakalambira pa fosholo kapena pa makina oboolera, sungatsogolere gulu. Nditawauza a Mbewe, anandiyang'ana kuyambira ku chipewa mpaka ku nsapato.

"Iwe Phiri," anatero, "khutu uli nalo. Koma ulinso ndi pakamwa. Ukatseka chimodzi, ndikuphunzitsa."

Pakamwa sindinatseke kwenikweni, mukundidziwa, koma anandiphunzitsabe.

Zaka za Tichaona

Kuti munthu akayesedwe mayeso a laisensi, dzina lake linkayenera kuperekedwa ndi kaputeni wa mgodi, bwana amene anali pamwamba pa a Mbewe. Kaputeni wathu anali munthu wa kumbali ya Masvingo. Dzina lake lenileni sindilemba, si chifukwa chomuopa, koma chifukwa sindifuna kuti likhale m'nyumba mwanga. Tinkamutcha Tichaona, chifukwa yankho lake pa chilichonse linali lomwelo. Tichaona m'Chishona ndiye kuti tidzaona. Ukamupempha nsapato, tichaona. Ukamuuza kuti mpope wa madzi waphulika, tichaona. Ine ndikamufunsa za mayeso ankamwetulira n'kunena kuti, "Tichaona, achimwene," ndipo anzake ankaseka ngati wanena chinthu chanzeru.

Ndinachoka pa fosholo, ndinapita pa makina oboolera miyala. Ndinakwatira amayi anu. Chisomo anabadwa, anayamba kuyenda, anayamba sukulu, ine ndikudikirabe kuti Tichaona aone. Nthawi iliyonse mayeso akayandikira ndinkavala shati yochapa n'kukaima pakhomo pa ofesi yake ngati wopempha mchere. Nthawi iliyonse maina ankapita a anthu ena, mwana wa mlamu wake, mnyamata wa kwawo, munthu amene ankamubweretsera nkhuku. Sindikunena kuti onsewo anali mbuli, ena anali anthu a ntchito ndithu. Koma ine ndinalakwa chiyani? Munthu akakukana, umadziwa chochita. Koma kukuika pa mawamawa zaka ndi zaka, uku akukuseka, kumadya munthu m'kati.

A Mbewe ankandinenera kwa kaputeniyo chaka chilichonse, ndipo chaka chilichonse ankabwerako chimanjamanja. Tsiku lina ndinawauza kuti ndatopa, ndikusiya, bola ndikagulitse tomato ku msika wa ku Wadzanai. Sanandinyengerere. Anandifunsa kuti dzenje la onga likakana kuphulika ndingatani. Ndinayankha. Anandifunsa lina, ndinayankhanso. Kenaka anati zonsezo ndikazigulitse limodzi ndi tomatoyo, mwina ndipezapo phindu. Ndinapsa mtima, koma m'mawa mwake ndinali m'kheji. Iwonso, ndinamva kwa ena, anadikira zaka zambiri nthawi ya Azungu, akuitanidwa kuti bhoyi ali munthu wamkulu wandevu. Okha sankazinena. Ankangoti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ine ndinkawayankha kuti nkhono yangayi mwina ilibe maso.

Chaka cha chilala chachikulu

Chaka chimenecho chilichonse chinasowa. Kunyumba tinkadya ufa wachikasu wonunkha thumba. Pansi nyali zinkazima ntchito ili pakati, nsapato tinkamanga ndi waya, ndipo mizati yochirikiza denga inasiya kubwera. Ofesi inkati mitengo yadula, malole alibe mafuta. Koma golide ankamufuna monga kale, mwinanso kuposa.

Panali malo ena pansi kwambiri pamene mwala unali wonona, ndipo Tichaona ankafuna tilowemo popanda mizati. M'mawa wa tsikulo anatsika yekha kudzatikakamiza, zimene sankachita kawirikawiri. A Mbewe analowa ndi chitsulo chawo monga mwa nthawi zonse. Ife tinali titayamba kale kukokera mapaipi m'kati chifukwa kaputeniyo ankatikalipira kumbuyo. A Mbewe anagogoda apa, anagogoda apo, kenaka anatembenuka n'kulankhula mokweza, kanthu kamene sankachita.

"Anyamata, tulukani. Muno mugwa lero."

Gulu lathu ambiri tinali a Chichewa, ndipo munthu akaona ngozi amalankhula chilankhulo cha amayi ake. Tinataya mapaipi n'kutuluka tikuthamanga, ndipo m'kanjira kopanikiza kaja tinamugunda Tichaona, chipewa chake n'kugwera m'matope. Palibe anamukhudza mwadala. Koma mverani bwino apa, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Ife tikati kugwa, ndi kugwa basi. Mashona a kuno ku Bindura kumenyana amati kurwa. Koma a kwawo kwa Tichaona liwu lomwelo amalitchula kuti kugwa. M'makutu mwake, "muno mugwa" inamveka ngati "munogwa", ndiye kuti mumenya nkhondo. Iye anamva shifitibosi akuuza anthu ake kuti lero kuli ndewu, kenaka anaona anthu akumuthamangira. Anakwera kumwamba ali wefuwefu n'kukanena kuti a Mbewe autsa chipolowe pansi pa mgodi, ndipo amutumira mabwidi kuti amumenye.

Poyamba tinaseka. Tinkati akamufotokozera achita manyazi, nkhani n'kutha. Anamufotokozera anthu ambiri, ndipo ndikhulupirira kuti pofika madzulo anali atamvetsa. Koma anali atalankhula kale pamaso pa manijala, ndipo a Mbewe ankamusowetsa mtendere kuyambira kale ndi nkhani ya mizati. Chimene chinaipitsa zinthu n'chakuti dengalo silinagwe. Linakhala chilili tsiku limenelo, mawa lake, mlungu wonse. Tichaona ankapita nalo ngati umboni kulikonse, akuti onani, palibe chagwa, munthuyu ankanena za ndewu. A Mbewe anaimitsidwa ntchito podikira mlandu.

Mlandu usanazengedwe, Tichaona anandiitana ku ofesi yake. Kwa nthawi yoyamba anandipatsa mpando, ndipo sananditchule achimwene. Anati ine ndinali pafupi kwambiri ndi a Mbewe, ndipo ndimadziwa zilankhulo zonse ziwiri, choncho manijala akufuna kumva kwa ine. Anati sakundipempha kuti ndiname. Ndingonena kuti liwulo limatanthauza zinthu ziwiri, ndipo sindikudziwa chimene a Mbewe ankatanthauza.

"Mayeso ali pafupi, VaPhiri," anatero. "Zita rako ndarinyora kare mumusoro mangu. Dzina lako lili kale m'mutu mwanga. Usalifafanize wekha."

Ndinatuluka n'kupita kunyumba. Musaganize kuti ndinakana nthawi yomweyo ngati munthu wa m'Baibulo. Chinthu chimene ndinachifuna zaka zonsezo chinali patebulo, ndipo mtengo wake unali liwu limodzi lokha, sindikudziwa. Ndinawauza amayi anu tikudya. Anali ndi pakati pa Tapiwa nthawi imeneyo. Sanandilalikire. Anangondifunsa ngati ndinkadziwadi chimene a Mbewe ankatanthauza, ndipo nditati inde, anati ndiye vuto lili pati. Ndinawakalipira kuti iwo sakudziwa kulemera kwa makina oboolera. Anatola mbale n'kutuluka.

Tsiku la mlandu munali manijala, kalaliki wa za antchito, Tichaona, ndi a Mbewe atavala jekete lawo la ku tchalitchi. Atandifunsa, ndinati m'Chichewa kugwa ndi kugwa, mtengo umagwa, mvula imagwa, denga limagwa, ndipo munthu wa Chichewa sanganene kuti kugwa akutanthauza ndewu ngakhale ataledzera. Ndikanasiyira pomwepo bwenzi zili bwino, koma pakamwa panga paja. Ndinawonjezera kuti kaputeni akanakhala kuti anaphunzirako mawu khumi okha a anthu amene amawatuma kukafera pansi, m'malo mophunzira liwu limodzi la achimwene, bwenzi tonse tili pa ntchito. Kalaliki anabisa nkhope. Tichaona anandiyang'ana, ndipo ndinadziwa kuti pa mgodi umenewo laisensi sindidzaiona.

Chilungamo changacho sichinapulumutse munthu. Manijala anati za ndewu zilibe umboni wokwanira, koma a Mbewe anaimitsa ntchito popanda chilolezo ndipo anachititsa manyazi bwana wawo. Anachotsedwa, n'kuuzidwa kuti atuluke m'nyumba ya kampani. Munthu amene anatsika pansi asanabadwe ena mwa omuweruzawo, analongedza katundu pa ngolo ya ng'ombe yobwereka. Mshona akachotsedwa ntchito amapita kumusha kwake. Ife kumudzi kwathu kunali komboni yomweyo. Ndinawathandiza kunyamula bedi ndikutukwana, ndikuti dengalo likanangogwa kuti aone. A Mbewe anatula mbali yawo ya bedi pansi.

"Usadzanenenso zimenezo," anatero. "Likanagwa inu muli m'kati, akanandiyamikira pa maliro anu. Bola andichotse nonse muli moyo."

Zaka za ku Bindura

Ndinapirira pa mgodi uja kanthawi, Tichaona akundiika malo onse oipa, kenaka ndinachoka. Ndinapeza ntchito pa mgodi wina waukulu kuno ku Bindura, ndipo anandiyambitsanso pa fosholo, ine bambo wa ana awiri, pakati pa anyamata amene ankanditcha mudhara, ndiye kuti mdala. Ndinakwera pang'onopang'ono monga kale. Mabwana anasintha kambirimbiri, ena abwino, ena ongodziwa kuloza ndi chala. Panadutsa zaka zimene ndalama inkasungunuka m'thumba, mashopu ali mbee, mgodi ukutseka ndi kutsegula, ndipo za mayeso palibe ankazikamba. Anzanga ambiri anapita kukakumba golide m'mitsinje. Ine ndinakhala, osati chifukwa cha nzeru, koma chifukwa cha liuma.

A Mbewe anali atapeza malo pa famu ina ya fodya pakati pa Bindura ndi Shamva, akusonkhezera moto m'nyumba zoumitsira fodya. Migodi ina sinawalembe, mbiri yoti anautsa chipolowe inali itawatsogolera. Lamlungu lina lililonse ndikatuluka m'tchalitchi ndinkakwera kombi kupita kumeneko. Tinkakhala pansi pa mtengo, iwo n'kumajambula mabowo a onga padothi ndi kamtengo, akundifunsa mafunso ngati mayeso ali mawa. Ndinkafika ndi madandaulo, ndikutukwana Tichaona, manijala, ndi dziko lonse. Iwo ankandisiya ndilankhule mpaka malovu atauma, kenaka ankaloza padothi. Sindinawamvepo akutchula dzina la kaputeni uja moipa, ndipo zimenezi zinkandikwiyitsa kwambiri, chifukwa ndinkafuna wina wokwiya naye limodzi. Akazi awo, a Nabanda, ankatibweretsera madzi akumwa n'kubwerera osakhala. Moni wawo unali waufupi. Ndinkati ndi mmene alili.

Kaputeni wina wachilungamo, Mshona wa kuno komwe, ndiye anapereka dzina langa popanda ine kupempha kawiri. Ulendo woyamba ndinalephera. Mafunso ankabwera m'Chingerezi, ndipo lilime linandiuma pa zinthu zimene manja anga ankazidziwa. Ndinapita ku famu ndili ndi manyazi. A Mbewe anangoti ndiye kuti tiyambe kufunsana m'Chingerezi, ndipo tinayambadi, madala awiri pansi pa mtengo tikuphwanya chilankhulo cha eni ake, ana a pa famu akutiseka. Ulendo wachiwiri ndinakhoza. Imvi zinali zitayamba kale, ndipo Chisomo anali ndi mwana wake woyamba.

Tsiku limene ndinapita ndi laisensi ku famu

Sindinadikire Lamlungu. Ndinapempha tsiku, ndinagula shuga ndi buledi m'tauni, n'kukwera kombi laisensi ili m'thumba la shati. A Mbewe ndinawapeza atakhala pakhonde, chifuwa chitawafooketsa, ntchito ya moto ija atasiya. Laisensiyo anailandira ndi manja awiri, anaiyang'ana nthawi yaitali, n'kundibwezera. Anati tsopano ntchito yayamba, ndipo ndizilowa ndine poyamba. Tinacheza pang'ono, kenaka anayamba kuwodzera.

A Nabanda anandiperekeza mpaka ku msewu, zimene anali asanachitepo. Ndinali wosangalala, pakamwa panatseguka. Ndinayamba kuwauza mmene ndinavutikira, kuti laisensi imeneyi ndikanaitenga kalekale ndikanavomera zonena za Tichaona, koma ndinaitaya chifukwa cha amuna awo, ndipo sindidandaula. Ndinkayembekeza kuti andithokoza. Anaima pakati pa njira, m'mphepete mwa munda wa fodya.

"A Phiri," anatero, "zaka zonsezi ndakhala chete chifukwa abambo anandiletsa. Inu mutatuluka m'mlandu muja, manijala anawatsalitsa. Anati sakufuna kutaya shifitibosi wabwino, koma kaputeni ayenera kupatsidwa munthu. Anati angonena kuti amene anakuwa ndi kuthamangitsa anthu ndinu, wolongolola uja, iwo abwerere pa ntchito Lolemba. Abambo anakana. Anati Phiri ali ndi mwana wamng'ono, mkazi wake ndi woyembekezera."

Ndinafunsa chifukwa chake sanandiuze, ndipo anayankha kuti a Mbewe ankati ndikadziwa ndidzasiya kubwera chifukwa cha manyazi, maphunziro n'kuthera pomwepo.

"Ifenso tinali ndi ana," anatero a Nabanda. "Anga anakulira m'mizere ya fodya iyi, sukulu anaisiyira panjira. Anu anaphunzira. Sindikuti munalakwa, ndipo laisensi yanuyo ndakondwera nayo. Koma musadzanenenso pamaso panga kuti munataya kanthu."

Kombi inabwera, ndinakwera, ndipo sindikumbukira ulendo wobwerera. A Mbewe anamwalira mvula ya chaka chotsatira isanagwe. Anaikidwa m'manda a antchito a pa famu, ndipo kuchokera ku mgodi umene anaupatsa mapapo awo sikunabwere ngakhale munthu mmodzi wa mu ofesi. Tichaona ndinamva kuti anapuma ntchito mwaulemu, anamupangira phwando, anamupatsa wotchi.

Ndinatsogolera gulu mpaka tsiku limene ndinapuma, ndipo nyumba ino ya m'dera la Aerodrome inamangidwa ndi ntchito imeneyo. Anthu a ku tchalitchi amandiuza kuti ndakalamba, ndikhululuke, mkwiyo umakweza magazi. Ndinayesa, zinakanika, ndipo ndasiya kuyesa. Chimene ndikufuna kwa inu n'chaching'ono. Mwana wamkulu wa a Mbewe, dzina lake Yohane, amagulitsa makala pafupi ndi pokwerera makombi m'tauni. Ndi wamfupi, wakuda, ndipo sakweza mawu. Inu mumadutsa pamenepo pa galimoto, ena mwa inu mwina munagulapo makala ake mukunenerera mtengo. Sakupemphani kanthu, ndipo musakamuchititse manyazi ndi chifundo. Muime, mutsike, mumupatse moni m'Chichewa, mumutchule kuti achimwene mmene bambo anga ankatchulira mkulu wawo. Sukulu imene munaphunzira inu inali yake.